Migolo Inayi M'dzina la Mlamu

Lolemba

Tatsegula! Bala loyamba kuno kwa Dzoole lothira mowa pampope, ngati omwe ndinkaona ku Joni. Migolo inayi:
wa chimanga,
wa mawere,
wa mapira,
wa uchi wa ku Ntchisi, wa anthu ozindikira.

Chithunzi cha Mtsogoleri chili pamwamba penipeni. Pachikwangwani pali dzina la mlamu wanga Yotamu, langa ayi. Lamulungu likubwerali tikusankha akulu ampingo ndipo dzina langa lili m'gulu. Zaka khumi ndi zitatu ndikusesa tchalitchi ndi kuphunzitsa kalasi, mpandowo ndikuufuna ndi mtima wonse. Pabalapo ndimangodutsa ngati wodzadzudzula mlamu wosochera.

Lachiwiri

Mpope watseka. Masese sadutsa pampope, ndikudziwa lero. Yotamu akutokosa ndi sipoko ya njinga, thukuta kamukamu. Pomaliza akuvundukula mgolo n'kumatunga ndi chipanda ngati pa mowa wa dima. Chitukuko chimenecho!

Lachitatu

Anthu adzaza. Ogula ndiye sindikuwaona. Kuno munthu amayamba walawa, ndipo ine mwanzeru zanga ndawapatsa zolawa zinayi. A Chimbalanga, mlimi wa fodya, alawa yonse, abwereza wa mawere "kuti ndiyerekeze bwino," atuluka akuimba. Anyamata ofunsa makadi a chipani afika asanu. Makadi tili nawo. Nawonso alawa, molimbikira ndithu. Akane ndani?

Lachinayi

Wina akuti wa uchi wamutsegula m'mimba. Basi, aliyense wakumbukira mwambo: mwini mowa amayamba kumwa pamaso pa anthu, kuchotsa mankhwala. Yotamu akumwa mokondwa, ntchito yokhayo imene amaidziwa. A Chimbalanga akupukusa mutu.

"Yotamu alibe ndi nkhuku yomwe, migolo angaitenge kuti? Ayambe mwini wake weniweni."

Maso onse kwa ine, amene ndaima pakhomo ndi buku la nyimbo m'khwapa. Chinsinsi changa chija chimadziwika ndi mudzi wonse, kupatula ine.

Lachisanu

Palibe wolowa. Mowa ukungowira wokha m'migolo. Wa mapira waphulitsa chitsekerero, thovu lafika pachithunzi chija! Ndapukuta ndi jekete langa la kutchalitchi, Yotamu akulondera pakhomo.

Kuchigayo akuti ndikukana kulawa chifukwa ndinathiramo mankhwala okokera anthu. Okokera anthu! M'bala muli ntchentche zokhazokha.

Mayi a kunyumba, akupeta, osandiyang'ana: "Sankhani chimodzi bambo, uchidakwa kapena ufiti. Mpingo umadula zonse ziwiri."

Loweruka

Ndaganiza. Kungonyowetsa milomo kamodzi, dzina liyere, ndizipita. Ndalawa pamaso pa a Chimbalanga, iwo aombera m'manja.

Zimene sindinaziganizire:
migolo ndi inayi;
lero ndi tsiku la msika;
aliyense wolowa akuti, "Ine sindinaone nawo, yambaninso."

Chibwerere ku Joni sindinalawepo. Dzuwa lisanafike pamutu ndaima patebulo, ndikutsogolera nyimbo ya mutchalitchi, ndagawa zidakwa m'mawu anayi. A besi akuyesetsa, chilungamo chinenedwe. A Gwaza, mlembi wa mpingo, akudutsa pa njinga. Aima pazenera, amvetsera mpaka ndime yomaliza. "Mawu alipo," akutero, n'kupalasa kulowera kwa abusa.

Lamulungu

Mutu ngati muli anthu osinja. Kutchalitchi ndapita ndithu. Dzina langa lawerengedwa, ndipo a Gwaza alitchula momveka bwino kwambiri, koma m'gulu la oimitsidwa ku Mgonero. Ndakhala pabenchi lakumbuyo, pamene amakhala ochedwa ndi ana olira. Mayi a kunyumba ali kutsogolo ndi amayi anzawo, sanacheuke ngakhale kamodzi. Zandipweteka, ndisaname. Pansi pomwe ndikupondapa ndinazira ndi manja angawa.

Potuluka palibe wondipatsa moni, kupatula amuna atatu amene andinong'oneza kuti wa uchi uja ndi wabwino zedi.

Masana uthenga wochokera kwa Yotamu: "Alamu, fulumirani. Bala ladzaza, anthu akudikira kuti muyambe."

Nsapato ina sindikuiona. Ndipita ndi patapata.