Tsiku Limene Tinadya Duwa la Aphunzitsi

Mpaka lero ndikaona ndiwo zotendera, kukhosi kumayamba kundiyabwa.

Potsekera sukulu, aphunzitsi athu a Chingerezi, Mayi Nyirenda, ankapita kwawo ku Rumphi. Anandisiyira duwa lawo la m'chidebe kuti ndiwasungire. (Amati duwa, koma silichita maluwa. Ndi masamba okhaokha, aakulu ngati lichero.) Anasankha ine chifukwa sindilongolola m'kalasi.

Ndinalisenza pamutu kudutsa m'minda ya tiyi, othyola akundifunsa ngati ndikuthawa mvula. Kunyumba ndinaliika pamthunzi kuseri. M'mawa uliwonse ndinkalithirira, n'kupukuta masamba ake ndi kansalu konyowa.

Kenako kunabwera azakhali a ku Khonjeni.

"Koko wonenepa chonchi mukungomuyang'ana?" anatero, mpeni uli kale m'manja. "Anthu a pa esiteti ulesi!"

Likufananadi ndi koko. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma azakhali anandiyang'ana.

"Ukuti chiyani, mwana wa achimwene?"

"Palibe, azakhali."

"Gwira mbale."

Ndinagwira mbale. Masamba amene ndinkawapukuta aja ankagweramo limodzilimodzi. Nsinjiro ndinasinjanso ndine.

Pakudya, bambo ndiwo anayamba kukhosomola. Amayi anasiya nthongo m'mbale n'kumakanda pakhosi mwaulemu. Ine lilime linali ngati ndatafuna chitedze. (Inde, ndinadya nawo. Kukana kukanafuna kulankhula.) Azakhali anameza kawiri, misozi ili m'maso.

"Ndi fetereza wanu wa tiyiyu," anagamula. "Kwathu koko sachita chipongwe chotere."

Tonse tinavomereza, kenako tinakapanga mzere pampopi.

M'chidebe munatsala chitsa. Masabata otsalawo ndinkachithirira ndi kuchipepesa chamumtima. Sukulu isanatsegulidwe chinaphuka timasamba titatu tonga makutu a mbuzi.

Ndinachibweza kusukulu. Mayi Nyirenda anazungulira chidebe, nayang'ana chitsa, nayang'ana ine.

"Wachita kudulira?"

"Eee, madamu."

"Ngati mmene amadulira tiyi! Ana a kuno mumabadwa ndi luso."

Tsopano masamba abwerera, aakulu kuposa kale, ndipo madamu anauza kalasi yonse kuti ndine katswiri. Andiuza kale kuti tchuthi cha Khirisimasi ndikalisunganso.

Azakhali nawo atumiza uthenga kuti abwera pa Khirisimasi. Ndakhala ndikuyeserera kuseri kwa nyumba kunena kuti, "Azakhali, si koko." Pandekha ndimanena bwinobwino.