Mayi Rozariya Asiya Kutukwana

Lolemba
Ndabwerako ku maphunziro ku Moatize ndi fisha yatsopano, pepala loyezera okalamba amene matenda awasokoneza mutu. Magulu atatu: olongolola, ongoti phee, ndi osinthasintha. Lachisanu dotolo akubwera kuno ku Zobwe kudzatulutsa ochira. Adzapeza odwala anga atasankhidwa ngati nyemba. Ndasongola malapisi awiri olembera!

Lachiwiri
A Domingu, kama yachiwiri. "Bambo, pano tili kuti?"
"Akufuna kudziwa ndani?"
Tchulani miyezi chobwerera m'mbuyo. "Kwanu miyezi imabwerera?" Akukalipa mpaka nkhuku panja zabalalika. Ndalemba: olongolola, kotheratu.
Mayi Rozariya, kama yachisanu. Ofatsa, maso pakhoma, chilichonse "eya, mwanangu." Odwala onse akadakhala chonchi! Ndalemba: ali bwino, apite kwawo.

Lachitatu
Akazi a a Domingu akuseka chogwira nthiti. "Amenewa? Lerotu ndiye afatsa. Chichokereni ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, munthu wonyamula pepala samuyankha zoona."
Ndafufuta.
Za tsiku nazonso, limene ndinawafunsa dzulo n'kulemba kuti aphonya, a Domingu ndiwo analondola. Kalendala ya pakhoma pathu ndi ya chaka chatha. Ndafufutanso. Fisha yabooka.

Lachinayi
Luwiza, mtengwa wa mayi Rozariya, akunditsata ine namwino mpaka kumpopi.
"A enferimeru, apongozi anga sali bwino. Masiku atatu osanditukwana. Dzulo anachita kundithokoza!"
Ndamuuza kuti ena zotere amachita kupempherera kutchalitchi. Sakuseka. Pa fisha palibe malo olembapo "kuthokoza."

Lachisanu
Dotolo awerenga zolemba zanga, asayina. Mayi Rozariya apite kwawo ku Kambulatsitsi, panjinga, dzuwa lomweli. Luwiza wakhalira katundu.
"Awa si apongozi anga. Sindinyamula mlendo."
Kuti nkhani ithe, ndikuwafunsanso mayiwo pamaso pa onse.
"Mayi, mwadya?" Eya.
"Simunadye?" Eya.
"Ine ndine bambo wanu?" Eya, mwanangu.
Zimene ndikuziona tsopano:
kapu ya madzi yodzaza chiikireni Lachitatu;
milomo yong'aluka;
thupi ngati phale la pamoto.
Malungo. Gulu lachiwiri lija, ongoti phee, limene aphunzitsi anabwereza katatu kuti ndilo limapha mwakachetechete. Ndinalidula mzere kunsi m'kope langa, kawiri!
Dotolo akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Bola akadakalipa ngati a Domingu.
Soro, madzi a diripi aja, pamkono, kwinini. Njinga yabwerera yokha.

Loweruka
Mayi Rozariya sanadzuke bwino. Luwiza akuwamwetsa madzi ndi supuni, dontho ndi dontho, kwinaku akuwaputa dala: "Mbuzi yanu ija ndagulitsa." Mayiwo angomeza madziwo. Sindinaonepo munthu akudikira chitukwano ngati mvula yoyamba.
Mafisha otsala sakuoneka. Kuseri kwa chipatala kukufuka utsi wa fodya. A Domingu akuti pepala la boma limapichirika bwino.

Lamulungu
Mabelu a misa akulira. Kuchokera pa kama yachisanu, mawu ngati chitini:
"Luwiza! Phala ili waphika ndi phazi? Ndipo mbuzi yanga ili kuti?"
Luwiza akulira, akuvina, phala latayikira pa nsapato zanga.
Kenako andiona ine. "Nanga uyu wa malapisi, ntchito yake n'chiyani?"
Funso labwino, ndipo lilibe gulu.
Fisha yanga tsopano ndi chikuto cha kope, funso limodzi lokha, lofunsa wodikirira wodwala: kodi kunyumba amakhala chonchi?
Malapisi ndapatsa a Domingu. Akuti n'ngabwino potokosera m'khutu.