Phula la Che Twahir

Zonse zinayamba m'chaka cha 1986, mvula ili pakati, chimanga chikumasula. Ena amati 1985, koma amenewo akusokoneza ndi chaka chimene Che Twahir anagula njinga. Pa 9 Januwale 1986 bambowa, amene ankayeza zanyengo pabwalo la ndege la Chileka, anatumizidwa ku maphunziro ku Norway, ndipo pa 3 Epulo anabwerako ndi matenda amene sanawachokenso. M'mawa uliwonse, akachoka ku swala kumzikiti, ankaima pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo ku Lirangwe n'kulengeza kwa aliyense wodutsa mtundu wa phula loyenera tsikulo, kukanakhala kuti kwagwa chipale chofewa. Ku Lirangwe kumeneku, kumene ngakhale buluzi amadandaula ndi dzuwa.

Anthu opita kunja masiku amenewo ankabwera ndi wailesi ndi mawotchi. Akazi awo, mayi Safia, anakawachingamira ku Chileka atavala chitenje chatsopano, mtima uli pa makina osokera. Zimene zinatsika m'ndege ndi matabwa awiri opyapyala, aatali kuposa mwini wake, ndodo ziwiri, ndi kabokosi ka tizitini. Kondakitala wa basi anafunsa mwaulemu ngati kumudzi kwagwa zovuta. Matabwawo anafika kwawo atatulukira pawindo, akupatsa moni anthu a ku Lunzu.

Che Twahir anafotokoza kuti kumeneko dziko lonse limakwiririka ndi madzi oundana ofewa ngati ufa, ndipo munthu amamanga matabwa kumapazi n'kuyenda ulendo wa tsiku lonse osanyamula phazi. Chinsinsi chake ndi phula lopaka kunsi kwa thabwa, pakati, pamene phazi limaponda. Phulalo liyenera kugwira munthu akaponda, n'kumasula akamatsetsereka. Kukazizira koti ndevu zikuthyoka, pamafunika lolimba, lobiriwira. Kukachepako pang'ono, labuluu. Lapepo ndi la tsiku lokayikitsa, pamene chipale sichikudziwa ngati chisungunuke kapena ayi, ndipo lofiira ndi la chipale chonyowa. Chikakhala chakale, choti chinasungunuka n'kuundananso n'kukhala chokhakhala ngati mchere wa miyala, zitini zonsezo zimagonja, pamafunika kilisita wa m'chubu, mbale wake wa ulimbo. Ukapaka lolimba kwambiri umaterereka chambuyo pachitunda. Ukapaka lofewa kwambiri chipale chimamatirira kunsi, n'kumayenda ngati munthu wodutsa m'munda wa makande mvula itangokata.

Zimenezi mayi Safia anazimva tsiku loyamba, anazimvanso lachiwiri, ndipo pofika nthawi yokolola ankatha kuzinena akusinza.

Vuto linali loti ku Lirangwe yankho loona linali limodzi chaka chonse. Komabe Che Twahir sankafulumira. Ankayang'anitsitsa choyezera kutentha chimene anachikhomera pamango, n'kununkhiza mphepo, n'kufinya dothi m'manja, kenako n'kugamula ngati woweruza amene mlandu wamusowetsa tulo: "Kilisita." Pa 2 Julayi 1994, chiperoni chitavuta, ananena kuti lapepo, ndipo nkhaniyo inafika pamsika mwini wake asanamwe tiyi. Chitini chobiriwira sichinatsegulidwepo. Mpaka atsikana a kuno, akafuna kukana mnyamata mwaulemu, ankamuuza kuti abwerenso tsiku la lobiriwira.

Zitinizo zinkakhala mumtsuko wokwiriridwa mumchenga wonyowa, pakona yozizira kuposa zonse m'nyumba. Madzi akumwa ankakhala kwina, akutentha.

Anthu ankawakonda, pakuti anali munthu wosadziwa kukana. Akati mvula ibwera madzulo, amayi ankaanula ufa. Koma za matabwazo palibe amene ankakhulupirira, ndipo katundu ameneyu ankamusenza ndi mayi Safia. Pamjigo ankamva manong'onong'o akuti mwamuna anapita kozizira, mutu unaundana, sunasungunukebe. Amene sankanong'ona n'komwe ndi mayi Eunice a nyumba yoyandikana nayo, mnzawo wapamtima, wa pakamwa posatseka. Ankafunsa pampanda kuti alamu adzapereka liti matabwa aja kuti akonzere benchi ya kwaya, popeza chiswe chokha n'chimene chikuwakhulupirira. Umboni umene unalipo unali chithunzi chimodzi, choyera mbee, pakati pali kadontho kakuda. Che Twahir ankati kadonthoko ndi iwo. Mayi Eunice anachiyang'ana n'kunena kuti nawonso anaonapo ntchentche itagwera mu ufa.

Mayi Safia ankaseka nawo, chifukwa ukapanda kuseka ndiye kuti wavomera. Koma pansi pa mtima ankafuna chinthu chimodzi: kuti tsiku lina anthu adzaone ndi maso awo kuti amuna awo si abodza ndiponso si amisala. Chimene sankauza munthu n'choti iwonso ankafuna kuona.

Pa 22 Ogasiti 1998 kunabwera akwawo kwa Faruk, mnyamata wa ku Chileka, kudzafunsira mwana wawo Hafsa. M'mawa polishi wapakhonde anapezeka kuti watha. Mayi Safia anaganiza kuti chofiira n'chofiira, ndipo anatenga chubu cha kilisita, amene naye anali wofiira, n'kupaka khonde lonse. Linawala bwino ndithu. Alendo anakwera pakhonde ndi masilipasi n'kufika pamkeka opanda. Nkhuku imene inadutsa inaima pomwepo ikuganiza. Amalume ake a Faruk, munthu wodziwika ndi makani, anakhala pakachipupa ka khonde, ndipo atayesa kudzisuntha anamva mkanjo ukukana. Kuyambira pamenepo anavomera chilichonse chimene chinanenedwa, maso ali patsogolo, mpaka amayi onse atachoka ndi pamene anapempha parafini. Ukwati wa Hafsa ndi umene unakambidwa mwachangu kuposa onse m'dera la Chigaru.

Madzulo mayi Safia anadikira mkwiyo. Che Twahir anayang'ana chubu chimene chinatsala theka, nkhope ili ngati ya munthu woferedwa, kenako anayang'ana silipasi imene inali ikadali pakhonde.

"Koma mwaona kugwira kwake, amake Hafsa?"

Atapuma ntchito mu 2003, mayi Safia anawakakamiza kuti apeze mboni. Ndege zimatera tsiku ndi tsiku, azungu ali mbwee, kulephera kupeza mmodzi woti adzanene mawu awiri pamaso pa Eunice? Che Twahir anabweradi naye, wamtali, wofiira ngati nyama, dzina lake Tony. Anamuphera tambala. Atatha kudya, anamutulutsira matabwa, mayi Eunice ataitanidwa kale ngati wodzabwereka sefa. Tony anawatembenuza uku ndi uku n'kufotokoza kuti iye anabadwira ku Beira, chipale amangochiona pa kanema, ndipo anafunsa ngati matabwawo ndi oyanikirapo fodya. Mayi Eunice anabwerera kwawo sefa ataiwala. Mayi Safia sanadye nkhuku mwezi wonse.

Ndiye panafika Lachisanu, pa 14 Disembala 2018. Chimanga chinali chofika m'mawondo, chobiriwira bwino, feteleza atathira kale. Amuna atangotuluka mumzikiti ku swala ya Juma, kumadzulo kunada bii, mphepo inazizira mwadzidzidzi, ndipo padenga la malata panayamba kulira ngati wina akukhuthula ngolo ya miyala. Anali matalala, ena ngati nzama, ena ngati mazira a njiwa, ndipo anagwa mosalekeza mpaka munthu osamva mawu ake omwe. Atasiya, mayi Safia anatsegula chitseko. Bwalo linali loyera. Njira yotsikira kumjigo, imene madzi anaikumba pakati, inali itadzaza matalala mpaka m'mbali.

Kenako anaona munda. Chimanga chonse chinali chitang'ambika nsanzansanza, china chitagona. Kuseri kwa mpanda mayi Eunice anali ataima m'munda mwawo manja ali kumutu, akulira motsitsa, kulira kwa munthu amene akuwerenga kale miyezi ya njala.

Che Twahir anafika akuwefuka, mkanjo utanyowa, chipumi chili ndi chotupa. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Anaima pakhonde n'kuyang'ana njira yoyerayo. Anayang'ananso minda, ya eni ndi yawo yomwe, n'kukhala pansi. Ananena motsitsa kuti si tsiku lake, munthu sasewera anzake akulira.

Mayi Safia analowa m'nyumba, anakwera pampando, n'kutsitsa matabwa aja kudenga, kangaude ndi fumbi zili thoo. Anafukula mtsuko n'kukhuthula zitini zonse pamapazi pawo.

"Chimangacho sichidzuka chifukwa choti inu mwakhala pansi. Pakani."

Apa ndi pamene matenda aja anafika pachimake. Munthu amene anagamula mlanduwu m'mawa uliwonse kwa zaka zoposa makumi atatu anasokonezeka. Anatola matalala n'kuwafinya. Anathamangira pamango, n'kupeza choyezera chija chitasweka. Anagwira lapepo, analisiya, anagwira lofiira, n'kuyamba kufotokoza kuti mpweya ukunena zina pamene nthaka ikunena zina, ndipo mphunzitsi wawo wa ku Norway sanatchulepo za matalala. Uku dzuwa linali litayamba kusuzumira, ndipo m'mbali mwa njira madzi anali atayamba kuyenderera.

"Bambo a Hafsa, izi n'zoundana, n'zokhakhala, ndipo zikusungunuka. Mukufunanso chiyani? Kilisita."

Che Twahir anayang'ana akazi awo ngati akuwaona koyamba. Chubu chija chinali chitauma gwaa, moti mayi Safia anachiwotcha pambaula mpaka chinafewa. Che Twahir anapaka ndi chala chachikulu, pakati pokha, mosamala. Zomangira zinali zitafumbwa, ndipo anamanga nsapato za ku Juma ndi mphira za chubu cha njinga. Anakwinyira mkanjo m'chiuno, anagwira ndodo, n'kuima pamwamba pa njira.

Phazi loyamba linaterereka ndipo anagwada. Amuna amene anabisala pakhonde la mzikiti anayamba kuseka. Mayi Safia anatseka maso, ndipo atawatsegula anaona nkhalamba yawo yadzuka, yaponda, thabwa lagwira, lina latsetsereka. Anapondanso. Msana umene unkawavuta powerama pa swala unawongoka. Manja ndi miyendo zinayamba kusinthana mwa kayendedwe kamene Lirangwe inali isanaonepo, kofatsa, kopanda phokoso, ngati munthu akuyenda m'maloto a mnzake. Anadutsa mpanda wa mayi Eunice ndevu zili m'mbuyo. Kuseka kuja kunatha. Ngakhale agalu anaiwala kuuwa.

Anatsika njira yonse. Pafupi ndi mjigo matalala anathera m'matope, matabwa anaima, koma mwini wake anapitirira yekha n'kukatera m'maungu a mayi Eunice, amene matalala anali atawaboola kale.

Woyamba kufika anali mwini maungu, misozi ikadali m'masaya. Anawayang'ana ali chagada, matope mpaka m'makutu, akuseka ngati mwana.

"Alamu, bwererani kumtunda mukayambirenso. Ine sindinaone bwino, ndimalira."

Koma pocheuka, njira inali itasanduka mtsinje.

Mawa lake Che Twahir sanaime pamango. Analawirira ndi khasu kumunda kwa mayi Eunice kukabzala kachiwiri, asanakhudze wawo, ndipo sabata yonseyo anazungulira minda ya amasiye akutsimphina. Chimanga chobwereza sichinachite bwino, ndipo chaka chimenecho anthu anavutika, zimenezo tisabise. Komabe mukafunsa lero za Disembala ameneyo, munthu amayamba ndi njala, n'kuima pang'ono, kenako nkhope imamasuka. Amene anaona anali ochepa, koma amene amati anaona ndi mudzi wonse, kuphatikizapo ana amene anali asanabadwe. Mtunda umene anayenda umakula chaka ndi chaka. Mayi Eunice panopa amaufikitsa ku Matope, ndipo wotsutsa amamufunsa ngati iye analipo.

Pamjigo manong'onong'o anatha. Hafsa atafunsa mayi ake pafoni kuti anaona chiyani kwenikweni, anayankha kuti zaka zonsezo ankakhala ndi munthu amene mbali yake ina inatsalira kunja, ndipo tsiku limenelo ndi pamene mbaliyo inafika pakhomo, moti anachita nayo manyazi ngati mlendo.

Masiku ano Lirangwe imadzuka mwakachetechete. Zanyengo anthu amaziona pafoni, ndipo foni siyinunkhiza mphepo kapena kukayikira. Amayi opita kumsika amachepetsabe liwiro akafika pakhomo paja, osadziwa chimene akudikira, kenako amapereka moni kwa mayi Safia n'kupitirira. Mayi Eunice amabwera masana, awiriwo amakhala pakhonde akusenda nandolo, ndipo nthawi zina amatha ola lathunthu popanda woti amunyoze. Mitambo ikada kumadzulo, onse amathamangira kukatsekera mbuzi n'kupemphera kuti matalala apite kwina, ndipo ndi bwino kutero. Koma mayi Safia amachedwa pang'ono kutseka chitseko.

Che Twahir anadwala masiku ochepa, chifuwa chabe cha nyengo yozizira, ndipo atamwalira anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, Akhristu ndi Asilamu atadzaza njira yonse yotsikira kumjigo. Linali Lachiwiri, pa 21 Juni 2022.