A Tibwerere ndi Ulendo wa ku Mathithi

Aliyense amene anawadziwa a Tibwerere akuuzani chinthu chimodzi: munthu uja akakumana ndi galimoto panjira, ankatembenuza njinga n'kubwerera kunyumba kukayambiranso ulendo. Si nthabwala ayi. Kaya akuliona kale denga la kumene akupita, galimoto ikangodutsa, iwo phazi pansi, mutu pukupuku.

"Ulendo wadetsedwa. Tibwerere."

Dzinalo linachokera pamenepo. Dzina lawo lenileni linatsala ndi akazi awo okha, ndipo nawonso ankalitulutsa pokhapokha akapsa mtima.

Ntchito yawo, musaseke, inali yokonza mawotchi. M'kashopu kawo munali mawotchi makumi atatu, onse olondola, koma mwini wake sanafikepo paliponse pa nthawi yake. Ukwati wa mwana wawo wamkazi unali Loweruka, iwo anafika Lachiwiri, napeza mipando itabwezedwa kale. Akuti anabwerera kasanu ndi kawiri, ndipo kawiri konse inali galimoto ya akwati omwewo.

Misewu yawo inali yafumbi, ya timiyala, yokhotakhota m'minda kumene munthu umangomva mbalame ndi tcheni cha njinga yako. "Pa tala tayala limangolira ngati njoka," ankatero. "Pa timiyala limalankhula." Akafika pofunika kudumpha msewu wa tala, ankatsika n'kuinyamula njinga paphewa ngati mwana wodwala. Belu la njingayo ankalipukuta m'mawa uliwonse mpaka kuwala ngati galasi, koma osaliimba, poti ati phokoso n'la madalaivala. Ulendo uliwonse ankaulemba m'kakope kobiriwira.

Amene anavutika ndi zonsezi ndi akazi awo, telala wodziwika, amene anthu anangowatcha Mayi a Pakaliyala. Pofunsira, mnyamata wa mawotchi sanalonjeze nyumba ya malata kapena nsapato. Anati kumapeto kwa msewu wafumbi wa kuseri kwa phiri, makilomita makumi awiri ndi asanu ndi atatu, kuli mathithi amene anawaona ali mwana.

"Ndidzakutengerani kumeneko pa kaliyala, ulendo woyera, wopanda galimoto ngakhale imodzi."

Mtsikana anamva kukoma, nalola. Akanadziwa!

Chaka choyamba inawabweza lole ya mchenga. Chaka chachitatu, ambulansi: bambo anavula chipewa mwaulemu, ambulansi itadutsa anavalanso, n'kutembenuza njinga. Chaka china anakumana ndi thirakitala, ndipo mkangano wake unatenga masana onse.

"Bambo inu, thirakitala si galimoto! Ndi khasu lokhala ndi matayala!"

"Ili ndi hutala, mayi?"

"Ili nayo, koma..."

"Tibwerere."

Ulendo wina anapeza chigalimoto chakufa m'mphepete mwa munda, chopanda matayala, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. A Tibwerere anachizungulira katatu, osadziwa chochita. Anakafunsa alamu awo, mchimwene wa mayi, amene anaweruza kuti chakufa sichiwerengedwa. Koma pobwera kudzapitiriza ulendo, anapeza chikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri, chikuyenda bwinobwino, nkhuku zili momwemo. Anabwerera.

Anzawo a mayi ankawanena. "Inu, minibasi imafika pafupi pomwepo! Kwerani mukawaone mathithiwo, mtima ukhale pansi."

"Mathithi a minibasi si anga," ankayankha mayi, akuponda makina osokera mwaukali. "Anga ndi a pa kaliyala. Munthu analonjeza ndi pakamwa pake, akwaniritse ndi miyendo yake."

Apa m'pamene mungaone kuti m'nyumbamo amakani anali awiri. Mayi ankatukwana njira yonse yobwerera, kutchula dzina lenileni lija mobwerezabwereza, koma chilimwe chikafika ndi iwo amene ankasoka kapilo katsopano ka pa kaliyala. Anasoka mapilo makumi anayi ndi limodzi.

Chaka cha pilo la makumi anayi ndi ziwiri kunabwera anthu a zipewa zachikasu, nakhoma zikhomo zofiira m'mphepete mwa msewu wa kuseri kwa phiri uja. Tala ikubwera, mwezi wamawa. Mayi atamva, singano inawabaya chala. Ankadziwa kuti tala ikathiridwa, njinga ija sidzapondaponso, ndipo mwamuna wawo adzapita m'manda ndi lonjezo lake lili m'thumba. Mawondo a bambo anali atayamba kulira kuposa tcheni, makutu anali atagontha, khosi linali litauma moti kuti ayang'ane kumbuyo ankatembenuka thupi lonse ngati kabati.

"Mayi," anatero a Tibwerere, "zakutsogolo ndiona ndekha. Inu mukhale chopenyera kumbuyo. Mukaona galimoto mundiuze. Osandibisira."

"Ndinayamba ndakunamizanipo ine?"

Ananyamuka m'mawa, mayi atakhala chafutambuyo pa kaliyala, ambulera yakuda ili m'manja. Timiyala tinkalankhuladi pansi pa matayala. Anadutsa minda, kamlatho ka matabwa, mitengo ya bulugamu. Pa kilomita ya khumi ndi chimodzi, mayi anaona fumbi. Kagalimoto ka anthu a zipewa zachikasu kaja kankabwera kumbuyo, liwiro lake losaneneka.

 Mayi anakweza ambulera n'kumuloza dalaivala pakati pa maso. Dalaivalayo anali mwana amene mayi anamusokera yunifolomu kuyambira sitandade wani, ndipo diso limenelo ankalidziwa. Anaponda buleki. Atafuna kugwira hutala, mayi anadutsitsa chala pakhosi pawo. Dzanja linabwerera lokha.

"Kumbuyoko kuli bwanji, mayi?" anakuwa bambo.

"Mbalame zokhazokha, bambo! Palasani!"

M'mawa ngati umenewo magalimoto onse a omanga msewu ankalowera mbali imodzi, yomweyo ya kumathithi. Kumbuyo kwa kagalimoto kaja kunafika lole ya miyala. Kumbuyo kwa lole, thanki ya madzi. Kenako minibasi yodzaza, kenako chimakina chosalazira msewu, kenako galimoto ziwiri za anthu amene anangotsatira poganiza kuti kutsogoloko kuli zaulere. Msewu wopapatiza, wodutsa palibe, onse ndondondo pa liwiro la mawondo a munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri.

Wa minibasi anayesa kukwiya. Kondakitala anathamanga kudzafunsa, mayi anamunong'oneza nkhani yonse m'mawu atatu, iye anabwerera akugwira pakamwa. Nkhani inayenda galimoto ndi galimoto. Pa chitunda chomaliza, poopa kuti injini zingalire kwambiri, madalaivala anazimitsa, anthu anatsika n'kuyamba kukankha. Abale inu, azimayi a madengu, mphunzitsi wa tayi, onse phewa pa minibasi, chete, ngakhale kutsokomola ankatsokomolera m'malaya!

"Mayi, fumbi lachuluka bwanji lero?"

"Ndi mphepo, bambo!"

"Nanga mthunzi waukuluwu?"

"Mtambo! Maso kutsogolo, mungatigwetse!"

Atatsala pang'ono kufika, mayi anagwedeza ambulera kawiri, ndipo chigulu chonse chinaima kuseri kwa khona. Njinga inatsetsereka yokha mpaka pathanthwe. A Tibwerere anaika phazi pansi, koma ulendo uno mutu sunapukusidwe.

"Tafika, mayi."

Mayi anatsika, miyendo ili dzanzi, nayang'ana. Pamwamba pa thanthwe pankatsika timadzi tochepa ngati mpopi wotha mphira. Pansi pake chule mmodzi anali atakhala phee.

"Bambo inu. Zaka makumi anayi ndi ziwiri. Mathithi ake ndi amenewa?"

A Tibwerere anakanda m'mutu. "Nthawi ijayo anali aakulu. Kapena ineyo ndi amene ndinali wamng'ono."

Mayi anaseka mpaka kukhala pansi, anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kuleka. Anavula nsapato n'kuika mapazi pansi pa timadzito, bambo atawagwirira ambulera. M'tchire kumbuyo kwawo anthu oposa makumi atatu anali atanjuta, akusuzumira, ndipo dalaivala wa lole ankapukuta m'maso ndi chipewa chachikasu. Pobwerera, awiriwo anakumana ndi chigulu chonse chija pa khona, aliyense akuyang'ana kumwamba ngati sakudziwa kanthu. A Tibwerere anati zilibe kanthu, popeza anali akubwerera kale.

Anamwalira patapita miyezi inayi, ali pampando wawo m'kashopu, wotchi ya munthu ili m'manja.

Masiku ano msewu wa kuseri kwa phiri ndi wakuda bii, magalimoto amangouluka. Anthu amafika pa nthawi yake kulikonse, ndipo akafika amasowa nkhani. Mawotchi a m'kashopu aja iliyonse ikunena zake. Njinga ili m'chipinda chosokera, ndipo belu amalipukuta ndi mayi.

Koma mayiwo chinthu chimodzi chinkawadya mumtima. Munthu anawakhulupirira, anati osandibisira, iwo n'kumunamiza pa tsiku lalikulu la moyo wake. Kakope kobiriwira kaja ankakaopa ngati moto. Tsiku lina, akufunafuna sizasi m'dirowa, kanagwa pansi n'kutseguka chakumapeto. Anavala magalasi, nawerenga zolemba zokhotakhota zija:

"Ulendo wa 42 wa ku mathithi. Kumbuyo: galimoto zitatu, lole, thanki, minibasi, chimakina chosalazira. Ndinaziona zonse m'belu kuyambira kilomita ya 11. Ndinafunsa mayi, anati ndi mbalame. Mayi sananamepo. Zinali mbalame. Tafika."

Mayi anakhala pansi pomwepo. Kenako anayang'ana njinga ija, n'kutchula dzina lenileni lija, mokweza, lonse lathunthu.