Ndodo Imodzi ya Nailoni

Lolemba
A Kandido, eni galaja ya malole ku Zobwe, andisiyira ndodo imodzi ya nailoni, yoyera, yotalika ngati mkono, yoti ndisemepo bushi, kamphete kolowa mothina pabowo la chitsulo cha lole. "Useme bushi imodzi yosalala ngati dzira. Ikakwana pabowo Loweruka, ntchito yonse ya malole ndi yako." Chichotsedwereni ku mgodi, torno yanga, makina anga osemera zitsulo, yangokhala ikudya fumbi. Ine wosema chitsulo kuyambira ndili mnyamata ndiope pulasitiki? Ha!

Lachiwiri
Ndikusema ndi mpeni wanga wa zitsulo womwe uja. Nailoni sakuthothoka, akutuluka ulusi. Ulusiwo wakulunga mpeni, chogwirira, ngakhale batani la malaya anga. Bushi yatuluka yokhakhala ngati chitsononkho. Ndadula, ndataya.

Lachitatu
Yachiwiri. Ndikuikwecha ndi lisha, pepala lamchenga lija, kuti isalale. Yatentha, yayamba kunata, fumbi la malasha la kwathu kuno ku Moatize lamatirira ponseponse. Moatize iwe! Yoyera ija yada bii.
Mai akunyumba ali pakhomo: "Ufa watsala wa masiku atatu." Ndamva, mai, ndamva.

Lachinayi
Yachitatu ndaimanga mwamphamvu kuti isagwedere. Pomasula, bushi ili ndi makona atatu. Makona atatu! Ndodo yatsala ngati chikhatho. Mantha andigwira tsopano, sindibisa.

Lachisanu
Ndanola mpeni wakale mpaka ukumeta ubweya wa pamkono. Ndikusenda pang'onopang'ono, mpweya ndagwira. Eee! Ikung'anima! Ndaiyeza pompo, ikadali yofunda, dzuwa likuswa mtengo: ndendende. Ndodo yathera pomwepo. Ndaimba nyimbo ya ku Misa ndekha.

Loweruka
Pa shapa, minibasi yathu ija, mpaka ku Zobwe. Kuno kukuzizira, anthu avala majuzi. A Kandido akuisisita ndi chala: "Mestre, iyi ndiye ntchito!" Aiika pabowo. Yadutsa yokha, gwa! pansi. Ndinaiyeza ili yotupa ndi kutentha, pozizira yachepa. Chitsulo sichinandichitepo chipongwe chotere.
"Ndodo ina ilipo?" ndikufunsa.
"Ilipo, koma ikupita kwa mestre wina, mmisiri wa ku Tete."

Lamulungu
Ku Misa sindinapite. Torno ndaiphimba ndi saka. Mai akunyumba akungosita malaya anga.
Mawa m'mamawa ndili pageti la mgodi, pamzere wa ofuna ntchito, mapepala m'manja, bushi m'thumba. Akandifunsa zomwe ndimatha, ndidzawapatsa asisite. Za kukula kwake sindidzatchula.