Pawabanki Yanga Ili M'manda ku Mwazisi

Ku Mwazisi kuli manda ena amene ndikamadutsa pa njinga yamoto ndimayang'ana kumbali. Si mantha ayi. M'mandamo mwagona munthu amene ndinkamulemekeza, komanso mwagona katundu wanga, ndipo mmene katunduyo analoweramo ndi nkhani imene anthu akumeneko amaikamba ine ndikangopotoloka.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Boma linanditumiza ku Mwazisi, m'dera la Rumphi, ngati mlangizi wa zaulimi, ndipo ndinkachita lendi kanyumba ka a Msiska, mdala wolima fodya amene ankandisunga ngati mwana wake. Mwana wawo weniweni, Yotamu, anali ku Joni. Anapita wopanda mapepala, choncho kubwera kwawo kunali kosavuta, koma kubwereranso kuntchito kunali nkhani ina. Ine ndi iyeyo sitinaonanepo maso ndi maso. Tinkangodziwana pa foni, chifukwa akafuna kuona makolo ake ankaimba vidiyo pa foni yanga.

Chaka chimenecho ndinagula pawabanki ya maginito ku Mzuzu. Ndi kabatire kaphanthiphanthi kamene umangokamata kumsana kwa foni, popanda chingwe, n'kumatchaja. Vuto linali loti foni yanga imalandira moto mwanjira imeneyi koma ilibe maginito okagwira, ndiye wogulitsayo anandimatira kamkombero kachitsulo pa kava ya foniyo ndi guluu. Anandilumbirira kuti kakamata kamata, ngati nkhupakupa pa khutu la galu. (Za dzuwa la ku Mwazisi sanandifunse, inenso sindinamuuze.)

Ndinadzimva shuga, ndisakubisireni. Pamisonkhano ya alimi ndinkayamba ndakachotsa n'kukamatanso kuti kamveke kuti tha, kenako n'kuyamba za feteleza. Anzanga akamakatchajitsa mafoni kwa a Mhango ometa tsitsi, omwe ali ndi sola, ine ndinkawayang'ana ngati anthu otsalira.

A Msiska anamwalira mwezi wa Okutobala, atadwala pang'ono chabe. Yotamu anandiimbira tsiku lomwelo, mawu ake atasasa.

"Achimwene, ine sinditha kubwera. Ndikupemphani chinthu chimodzi basi. Mundionetse adada akulowa m'manda, ndipo mundipatse mpata nditsanzikane nawo. Pali mawu amene sindinawauze."

"Zimenezo usadandaule," ndinatero. "Moto ndili nawo wokwanira maliro awiri."

Ndinayankhula choncho, kwa munthu woferedwa. Pakamwa pangapa nthawi zina pamayenda pokha.

M'mawa wa tsiku loika maliro ndinakumana ndi a Mhango akutsegula shopu yawo. Anandiona ndikusuzumira foni, imene inali itatsika kale chifukwa cha kuimba kwa dzulo lake.

"Alangizi, isiyeni pano idye pang'ono. Mwambo wa kuno ngwautali chomene."

Ndinawatembenuzira kumsana kwa foni, n'kuwaonetsa timagetsi tobiriwira ta pawabanki tikuphethira. Anangoti yewo, n'kupitiriza kusesa.

Mwambo unalidi wautali. Yotamu ankafuna kuona zonse, ndiye ndinayamba kumuonetsa kuyambira pomwe bokosi linkatuluka m'nyumba. Anayankhula a kubanja, a kuchikazi, a kumpingo, a kalabu ya fodya, ndipo aliyense ankayamba ndi mawu oti sachulukitsa gaga m'diwa. Amayi a umanyano (kwathu timati a mvano) anaimba. Abusa analalikira mu Chitumbuka, n'kubwerezanso mu Chichewa chifukwa cha alendo ngati ine. Nthawi yonseyi ndinali nditakweza dzanja m'mwamba kusaka netiweki, padzuwa, ngati mwana wa sukulu amene aphunzitsi sakumuona.

Apa ndi pomwe ndinaphunzira chinthu chimene wogulitsa uja sananene. Vidiyo imadya moto mofulumira kuposa mmene kabatire kameneka kamaperekera. Sikadzadza foni, kamangoigwiriziza kuti isafe. Komanso kamatentha. Pofika kumanda foni inali pa kamzere kofiira, ndipo m'manja mwanga munali ngati ndagwira mbatata yootcha. Koma ndinalimba mtima, poti timagetsi tija tinali tikuphethirabe.

Anatsitsa bokosi. Okumba manda (kwathu timati adzukulu) anachotsa zingwe n'kutuluka m'dzenjemo. Kenako mkulu wina wa banja, a Gondwe, anayamba kuitana ana a malemu mmodzimmodzi kuti aponye dothi. Atafika pa dzina la Yotamu anakodola ine, chifukwa tinali titagwirizana kuti ndimuponyera ndine, kenako iye ayankhule.

Ndikanangoima pomwe anaima enawo, bwenzi nkhaniyi palibe. Koma ine ndinafuna kuti mnyamatayo aone bwinobwino. Ndinafika m'mphepete mwenimweni, dothi kudzanja lamanzere, foni kumanja, n'kutambasula mkono pamwamba pa dzenje, kamera italoza pansi. Ndinamva chala changa chikuterera pa chinthu chonanda. Anali guluu uja, atasungunuka.

Kabatire kanagwa limodzi ndi kamkombero kake. Kanagunda pa chivundikiro cha bokosi, kanadumpha kamodzi, kenako kanapeza kachitsulo kolembedwa dzina la malemu n'kumata kuti tha. Phokoso lake linali lomwe lija ndinkanyadira pamisonkhano ya alimi. Kwaya inasiya nyimbo pakati.

Anthu onse anasuzumira. Kanali pomwepo, pakati pa dzina ndi chaka chobadwa, timagetsi tikuphethira bwinobwino.

"Achimwene, chachitika n'chiyani? Asiyiranji kuimba?" Anali Yotamu, mawu ake akumveka manda onse chifukwa ndinali nditakweza sipika.

"Palibe," ndinayankha monong'ona. "Akupuma."

Ndinapinda buluku kuti nditsikemo. A Gondwe anandigwira mkono mwaulemu koma mwamphamvu.

"Alangizi, kuno okumba akatuluka, m'manda simulowanso wamoyo. Kaya kwanu ku Dedza."

Kwathunso sizichitika, ndipo ndinkadziwa. Manyazi ndi amene ankandikankha.

Akuluakulu anapatukira pambali n'kuyamba kunong'onezana. Ena ankati chimene chagwera m'manda ndi cha mwini manda. Ena ankati simungakwirire munthu ndi chinthu choyaka moto, nanga chikaphulika. Mphunzitsi wina wopuma pantchito anafunsa ngati chimalira usiku. Mafunso onsewa ankabwera kwa ine, ndipo ine ndinkayankha diso limodzi lili pa foni, imene inali itayamba kale kuchenjeza kuti izima. Pomalizira anagwirizana kuti mmodzi wa okumba ayese kukakoka ndi fosholo ali kumtunda, poti fosholo nayo ndi chitsulo.

Munthuyo anagona chafufumimba n'kutsitsa fosholo. Kabatire sikanasunthe. Anayesa kukakankha cham'mbali, fosholo n'kugunda bokosi kuti gu, gu, ngati munthu akuodira pakhomo. Amayi ena anayambanso kulira. Wina kumbuyo anatsokomola chitsokomolo chija chobisira kuseka.

Amene anathetsa nkhaniyi anali aNyaMhango, mkazi wa malemu, amene anali atakhala pansi pakati pa azimayi anzawo. Sanakweze mawu.

"Mulekeni agone. Mukumugogodera chiyani? Mwana ayankhule, tikwirire."

Fosholo inatuluka. A Gondwe anapempha anthu kuti akhale chete, ndipo ndinakwezanso foni, tsopano nditaigwira ndi manja awiri. Nkhope ya Yotamu inaoneka, ali m'kachipinda kake ku Joni, atavala shati yoyera. Anatsinzina ngati akupemphera.

"Adada, ndine Yotamu," anatero. "Adada, ine..."

Foni inazima.

Ndinaima choncho manja ali m'mwamba, ndikuyang'ana galasi lakuda mmene munkaoneka nkhope yanga yokha. Anthu anadikirabe pang'ono, akuganiza kuti ndi netiweki. Kenako abusa anayambitsa nyimbo, ndipo mafosholo anayamba ntchito yawo. Dothi la Yotamu ndinali nditalitaya osadziwa, nthawi imene ndinkapinda buluku ija. Sindinachitepo manyazi otere chibadwire, koma choposa manyazi chinali chisoni, chifukwa munthu anandipempha chinthu chimodzi chokha.

Madzulo ndinapita kwa a Mhango mutu uli pansi. Analandira foni n'kuilumikiza ku sola yawo, ndipo ndikanakonda akanandinyoza. Itadya pang'ono ndinapita nayo kusiwa, chifukwa ndinaona kuti ndi bwino ndikapepese mayi ndi mwana pamodzi. Ndinagwada pafupi ndi aNyaMhango n'kuimba. M'njira monse ndinali nditakonza mawu anga: za guluu, za dzuwa, za matama anga.

Yotamu sanandipatse mpata. Nkhope yake inali yopepuka kuposa m'mawa.

"Achimwene, zikomo. Ndinayankhula zonse. Ndinawapepesa kuti ndinachoka osatsanzika, ndinawauza za mdzukulu wawo, zonse. Nditatsegula maso ndinapeza foni yaduka, kaya inaduka nditamaliza. Anthu anamva?"

 Ndisanayankhe, aNyaMhango anatambasula dzanja n'kutenga foni. Anaiyandikiza kumaso ngati akuwerenga Baibulo, n'kuyankha m'chinenero chawo.

"Tapulika, mwana wane. Vyose."

Chitumbuka changa n'choperewera, koma apo ndinamva: tamva, mwana wanga, zonse. Anandibwezera foni osandiyang'ana.

Mungaganize kuti ndinasiya zida za maginito. Ndinagula pawabanki ina, ndipo masiku ano ndimaimanga ndi mphira, komanso foni ndimaisiya kwa a Mhango ngati wina aliyense. Yotamu amaimbabe Lamlungu lililonse kuti aone amayi ake. Nthawi zina amandithokoza chifukwa cha tsiku lija, ndipo ine ndimayang'ana aNyaMhango, iwo n'kuyang'ana nkhuku zawo, kenako ndimayankha kuti palibe kanthu, achimwene.