Denga la a Jailosi Kamphonje

Mwambi uwu, ana anga, unayamba motere. Chaka china chosankha mtsogoleri wa dziko, anthu a m'mudzi mwa Chigwenembe anavotera pansi pa mtengo wa mango. Woyang'anira bokosi la mavoti anali a Jailosi Kamphonje. Sanali wakuba ayi, koma anali ndi vuto limodzi: munthu akamawayang'ana, ankasokoneza chiwerengero. Akafika pa seveni, ankabwerera pa folo.

Kuvota kutatha, dzuwa likadalipo, oimira zipani anayandikira tebulo. Mayi Nangondo ankaimira chipani china, a Tebulo Mwase china, ndipo awiriwa anali atatha mwezi osapatsana moni.

"Tsegulani, bambo, tione," anatero mayi Nangondo.

"Maso onsewa?" anafunsa a Kamphonje, thukuta lili kamukamu. "Ine ndiwerenga ndekha mu ofesi."

"Ofesi yake iti pathengo pano?"

A Kamphonje anamwazamwaza maso. Chapafupi panali denga latsopano la nkhokwe, lofolera bwino, lili pansi kudikira tsiku lolikweza. "Iyo ofesi! Ndiisunthira pamthunzi."

"Ngati mwaumirira, tikuthandizeni kunyamula," anatero a Mwase.

"Iyayi! Wogwira denga adzafunanso kulowamo."

Anakwapatira bokosi m'khwapa, nakwawira pansi pa dengalo, nalitukula ndi mutu. Anthu anangoona denga likuyenda ndi miyendo iwiri yovala masokosi osiyana. Mbuzi zinabalalika.

"Kumanzere, bwana, kuli chitsa!" anakuwa munthu wina.

"Musandiphunzitse ntchito!" linayankha denga.

Phuu! Denga linagunda chitsa, n'kuwavindikira a Kamphonje ngati nkhuku m'dengu, bokosi lili momwemo.

Kunja kunabuka phokoso. Munthu anali yekha ndi mavoti a mudzi wonse, popanda womuona. M'katimo munkamveka kuti khwasukhwasu.

"Akuwonjezera a chipani chanu!" anakuwa mayi Nangondo.

"Bodza! Akutafuna athu!" anayankha a Mwase. "Tamverani, akumeza!"

Koma a Kamphonje sankameza kanthu. Mu udzu wa m'kati mwa dengalo thadzi linali litaikira mazira, ndipo linkawajompha khutu.

"Abale, ndikufa! Tukulani!"

Mayi Nangondo anagwada n'kulankhula paudzu. "Achimwene, ofesi ikukoma?"

"Muli mwini wake, mayi! Ngwaukali!"

"Tikatukula, muwerengera kuti?"

"Poyera! Pepala lililonse m'mwamba, ngakhale mbuzi zione!"

Mayiwo anayesa kutukula, denga osasuntha. Anayang'ana a Mwase. "Inu, mwangoima ngati mtondo. Gwirani uko."

Anagwira onse, a chipani ichi ndi a chipani icho, denga n'kunyamuka ngati chipewa. Bokosi linapezeka lili chitsekere. A Kamphonje ankakweza pepala lililonse, khamu lonse likuwerenga mofuula, moti atafika pa seveni anthu anawakankhira pa eyiti. Chipani cha a Mwase chinagonja ndi mavoti khumi ndi awiri.

"Zandiwawa," anatero a Mwase, "koma ndaona ndi maso angawa." Anasainira, napatsa mayi Nangondo moni wa dzanja.

Tsono inu, mukadzakula n'kupaka inki pachala, mukadzaona wina akufuna kuwerenga yekha, mudzamuuze zimene a Kamphonje ankanena akusisita khosi mpaka ukalamba wawo: "Mutu umodzi susenza denga."